A Loya ndi Magalasi Akuda

A Loya sanali loya. Anali ndi kashopu ka fotokope moyang'anana ndi khoti, kachipinda kamodzi kokhala ndi makina awiri, tebulo la guluu ndi masitepula, ndi benchi la makasitomala limene mwendo wake umodzi unkachirikizidwa ndi njerwa. Dzinalo anawapatsa ndi anthu a mumsewu womwewo, chifukwa pepala lililonse lobwera kudzakopedwa ankayamba aliwerenga kaye, mwini wake ali chiimire. Masamani, zigamulo, makalata a malo, madandaulo a mabanja akutha, zonse zinkadutsa m'maso mwawo zisanalowe m'makina. Atawerenga milandu ya eni kwa zaka khumi ndi ziwiri, anakhutira kuti malamulo akuwadziwa. Anakhutiranso kuti munthu aliyense wokupatsa moni ali ndi chimene akufuna.

Matenda achiwiriwa anakula atagula galimoto. Inali yoyera, yoti yadutsa kale m'manja mwa anthu awiri, koma a Loya ankaipukuta m'mawa ndi madzulo. Tsoka lake linali lakuti kuchokera pageti pawo kukafika pamsewu waukulu panali nyumba zoposa makumi atatu, ndipo m'nyumba iliyonse munali munthu wopita kutauni. M'mawa uliwonse manja ankakwera m'mwamba ngati m'kalasi. Uyu akupita kuchipatala, uyu wachedwa kuntchito, uyu ali ndi katundu wolemera, winayo alibe n'kopita komwe koma waona mpando. A Loya ankaima, n'kumwetulira ndi mano okha.

Ankati anthuwo amachita kuwatchera. Amene ankamukayikira kwambiri anali mayi wa saluni wa nyumba yachitatu kuchokera kwawo, amene ankatuluka pakhomo nthawi yeniyeni imene injini yalira, chikwama chili kale m'khwapa. Ataganizaganiza anapeza kuti vuto si anthu, vuto ndi maso. Maso akangokumana, phazi limapita lokha pabuleki, ndipo pakamwa pamanena "kwerani" mtima ukukana.

Kunyumba kunali akazi awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Aphunzitsi, chifukwa ankaphunzitsa pasukulu ya pulayimale ya pafupi pomwepo. Anali mayi wosachulutsa mawu, amene ana a sukulu ankawaopa chifukwa sankakalipa. Pakati pa awiriwa panali chipsera chimene aliyense ankachilambalala. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, a Loya anaterereka ndi mayi wina amene ankataipa makalata mushopu mwawo. Nkhani itaphulika, Aphunzitsi anatenga ana awo awiri n'kukakhala kwa achimwene awo miyezi itatu. Anabwerera atachondereredwa ndi abale a mbali zonse, ndipo tsiku lobwereralo anaima pakhomo, sutikesi isanalowe, n'kunena kuti, "Kachiwiri sindidzakangana nanu. Ndidzangonyamuka."

Apa tiwachitire chilungamo a Loya: kuyambira tsiku limenelo anayenda mowongoka. Ankawakonda akazi awo, ndipo palibe chimene ankachiopa padziko kuposa kudzafika kunyumba n'kupeza mayiwo kulibe.

Lachisanu lina anatseka shopu msanga n'kupita kwa mmisiri womata tinti, mapepala akuda aja amamatidwa pamagalasi a galimoto kuti wakunja asaone za m'kati. Mmisiriyo anawayalira mitundu inayi patebulo.

"Ili ndi la dzuwa chabe," anatero akuloza. "Ili ndi lapakati. Lachitatuli lili pamalire, akuluakulu, apolisi akaliona amakweza dzanja. Lachinayili sindingakumatireni, ndili ndi ana ine."

"Lapamalireli lili m'kati mwa lamulo kapena kunja?" anafunsa a Loya.

"M'kati, koma ndi chala chimodzi."

"Mata limenelo."

"Muziima kawirikawiri, ndakuuzani."

"Aziimitsa," anatero a Loya. "Adzapeza ndawakonzera."

Anali atawakonzeradi. Loya wina weniweni atabweretsa buku la malamulo a pamsewu kudzakopetsa, a Loya anadzikopera tsamba limodzi, limene monga mwa kuwerenga kwawo linkanena kuti kuda kwa galasi kumayezedwa ndi kachipangizo, osati ndi maso a wapolisi. Tsambalo analimata pulasitiki kuti lisang'ambike, n'kuliika m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto.

Atafika kunyumba anapeza Aphunzitsi akuanula zovala pachingwe. Mayiwo anaima ndi malaya m'manja n'kuiyang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Ndimayesa kwabwera alendo," anatero. "Galimoto yadwala maso?"

"Ndi tinti. Imateteza mipando kudzuwa."

"Dzuwa layamba liti kudana ndi mipando yathu? Mukubisa ndani, bambo?"

"Ndikubisa mipando, mayi. Anthu a mumsewu muno akaona mpando wopanda munthu, miyendo imayamba kuwapweteka."

Aphunzitsi anapinda malaya aja mosamala n'kuwaika m'beseni. "Ine sindikuzikonda. Kazichotseni."

"Lamulo likulola."

"Sindinafunse lamulo."

A Loya anaseka n'kulowa m'nyumba. Mumtima anati mayiwo akungoopa pakamwa pa anthu, ndipo mwina mayi wa saluni wayamba kale kuwanong'oneza.

Milungu itatu yoyamba inali yokoma kwabasi. A Loya ankadutsa mumsewu muja akuimba mluzu, akuona aliyense, iwo osaonedwa. Munthu ankakweza dzanja, n'kutsinzina, n'kuweramira kutsogolo kuti aone amene ali m'kati, kenako dzanjalo linkatsika lokha mwamanyazi. Patatha masiku ochepa manja anasiyiratu kukwera. Mkulu wina wa mpingo ankangovula chipewa galimoto ikamadutsa, osadziwa ngati wayankhidwa. Mayi wa saluni ndiye sanasunge zake m'mimba. Tsiku lina atakumana ndi Aphunzitsi pageti la sukulu anati, "Masiku ano timapatsa moni galimoto, asisi. Kaya muli bambo, kaya muli ndani."

"Kaya muli ndani" ameneyo anakagona m'mutu mwa Aphunzitsi. Lamlungu popita kutchalitchi mayiwo ankati akakhala pampando wawo wa kutsogolo, n'kuyamba kuuyesa ngati wasunthidwa. Ankatsegula kabokosi popanda chimene akufuna. Tsiku lina anatola tsitsi pampando, n'kuliyang'ana pakuwala, n'kupeza kuti ndi lawo lomwe. A Loya zonsezi ankaziona ndi ngodya ya diso, ndipo m'malo momva chisoni anapsa mtima. Anaganiza kuti anthu a mumsewu apeza kazitape m'nyumba mwawo momwe. Choncho patebulo ankakhala anthu awiri, aliyense akuwerenga nkhope ya mnzake, ana akudabwa kuti n'chifukwa chiyani masiku ano mawu akumveka ndi a masupuni okha.

Loweruka lina chakumasana a Loya anakatenga jekete lawo la suti kochapitsa zovala. Linali jekete lakuda, la mapewa otakata, lovekedwa pulasitiki yonyezimira. Poopa kuti lingakwinyike, anakoleka hang'ala yake pachotsamira mutu cha mpando wa pambali pawo, jeketelo n'kukhala pampandopo bwinobwino. Ali pafupi ndi msika anaona zipewa zoyera kutsogolo, ndipo dzanja linakwera. Mtima wawo unadumpha, osati ndi mantha koma ndi chimwemwe, chifukwa tsiku limeneli analidikira milungu isanu.

Amene anawaimitsa anali sajeni wachizimayi, wamfupi, wa nkhope yotopa ndi dzuwa. Anagogoda pagalasi ndi cholembera. A Loya anatsitsa galasilo mpata wa zala ziwiri.

"Mwaswera bwanji, bambo? Tsitsani galasi."

"Ndatsitsa."

"Mwatsitsira nyerere. Tsitsani lonse, ndione amene ndikulankhula naye."

"Mundiuze kaye chimene mwandiimitsira."

"Magalasi anu ndi akuda kwambiri."

"Mwayeza ndi chiyani?"

"Ndi maso."

"Maso si muyezo, bwana. Kachipangizo kali kuti?"

Tsamba lomata pulasitiki lija linatuluka pampatapo ngati lilime. Sajeni analilandira, n'kuliwerenga mosafulumira, n'kulitembenuza kuona ngati kumbuyo kuli zina, kenako analibweza momwe linatulukira.

"Mwawerenga bwino," anatero, "koma mwawerenga tsamba limodzi. Kuimitsa galimoto pamsewu ndi ntchito yanga, kaya kachipangizo ndili nako kaya ndilibe."

"Ndiye ndaima. Laisensi ndi iyi. Koma kusuzumira m'galimoto ya munthu ndi kusecha, ndipo kusecha kumafuna chifukwa. Chifukwa chanu n'chiyani?"

"Chifukwa changa chikukula miniti iliyonse imene galasilo lili chitsekere."

"Mukundilamula kapena mukundipempha?"

Sajeni anapukuta thukuta pachipumi. "Ndikukupemphani, bambo."

"Ngati ndi pempho, ndakana."

Ngati a Loya ankanena zoona pamfundo imeneyi kapena ayi, tiwasiyire maloya enieni, iwo amadyera kukangana. Chimene tikudziwa n'chakuti mumtima mwawo munalibe chikaiko: mayiyu akufuna kena kake, ndipo galasi lotsegula ndi khomo lolowera dzanja. Sajeni nayenso anali ndi zake m'mutu. Pazaka zake zonse za pamsewu, anthu okana kutsitsa galasi anali oledzera, onyamula zosayenera, ndi onyamula osayenera.

Anthu anayamba kusonkhana. Ogulitsa malonda anasiya mabenchi awo, oyendetsa njinga anaima phazi limodzi pansi. "Muli nduna mmenemo!" wina anakuwa. "Nduna yake ya galimoto yotha matayala?" wina anayankha, gulu lonse n'kufa nacho chiseko.

Pagulupo panali mayi wa saluni, akuchokera kumsika ndi majumbo awiri. Anaizindikira galimotoyo, n'kuzungulira mbali inayo, n'kuika dzanja pachipumi kutchinga dzuwa, n'kusuzumira. Chimene anaona ndi mapewa akuda atatsamira mpando, pamwamba pake chinthu chonga mutu, chonyezimira, chili duu osatembenuka. A Loya atamuona anati basi, wabwera kudzapempha kukwera. Anatseka ngakhale kampata ka zala ziwiri kaja. Mayiyo anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa, majumbo akugunda mawondo.

Mkanganowo unatenga pafupifupi theka la ola. Sajeni anapempha katatu, a Loya anakana katatu, ulendo uliwonse ndi mawu atalitali kuposa oyamba. Pomaliza, magalimoto atayamba kundanda kumbuyo, Sajeni analemba kapepala, a Loya n'kutsegulanso kampata kaja kuti akalandire.

"Kachipangizo kali kupolisi. Lolemba nthawi ya naini m'mawa mubwere nayo galimotoyi tidzaiyeze. Mudzandipeza ine."

"Ndidzafika naini isanakwane," anatero a Loya.

Ananyamuka akudzimva kutalika. M'malo molunjika kunyumba anakhotera kushopu, n'kukoleka jekete kuseri kwa chitseko, n'kutsegula makina. Nkhaniyo anaifotokozera mesenjala wa kukhoti, kenako mlonda, kenako kasitomala wina amene ankangofuna kukopetsa chiphaso. Pomafika ulendo wachitatu, Sajeni anali atapepesa. Anatseka shopu dzuwa litapendeka.

Nkhani inali itafika kale kunyumba, ndipo siinafike yokha, inabwera itavala wigi. Mayi wa saluni analumbira kuti anaona mkazi. "Tsitsi ndi ntchito yanga, asisi," anatero kwa Aphunzitsi. "Wigi ndimaidziwa ngakhale mumdima. Yonyezimira, yodula. Mwini wake anangoti duu, osapuma n'komwe, kuopa kudziwika."

A Loya anapeza Aphunzitsi patebulo akuchonga makope a ana a sukulu. Ana awo anali atatumizidwa kukasewera kwa anzawo, ndipo zimenezo zokha zinayenera kuwatsina khutu a Loya.

"Lero ndawaphunzitsa ntchito apolisi," anayamba a Loya akuvula nsapato.

"Ndamva. Munali ndi ndani?"

"Ndinali ndekha."

"Nokha muli ndi mapewa anayi?"

A Loya anaima ndi nsapato imodzi m'manja. Kenako anakumbukira, n'kuseka kwambiri. "Jekete! Ndi jekete langa lija, mayi. Ndinalikoleka pampando."

"Lili kuti?"

"Ndalisiya kushopu."

Aphunzitsi anachonga kope lina, n'kuliika pamulu, n'kutenga lina. "Ndiye mwakangana ndi apolisi theka la ola, msika wonse ukuonerera, kuti asaone jekete."

"Sikuti asaone jekete. Ndi mfundo. Ndi ufulu wa munthu."

"Ufulu wa jekete."

Pamenepa munthu wanzeru akanagwada. A Loya anawongoka, n'kuika dzanja limodzi kumbuyo monga ankaonera maloya pakhonde la khoti. "Amene akuneneza mnzake ndiye amabweretsa umboni," anatero. "Umboni wanu uli kuti? Mboni yanu inaona nkhope? Ingatchule dzina?"

Aphunzitsi anaika cholembera pansi. "Kuno si kukhoti, bambo. Mawu amenewa munanenanso ulendo uja, mwaiwala? Munati umboni uli kuti, mpaka umboniwo unabwera wokha kudzagogoda pakhomo pano."

Anadzuka n'kulowa kuchipinda. A Loya anamva mpando ukukokedwa, kenako phokoso la chinthu chikutsitsidwa pamwamba pa wadirobu. Anathamangira kuchipindako n'kupeza sutikesi ili yasa pabedi.

"Mayi, dikirani! Mboni ndili nayo. Sajeni uja! Anaima pagalasi panga theka la ola lathunthu. Ndi mayi mnzanu, sandidziwa, sindimudziwa, ndipo wandida kale. Alibe chifukwa chondibisira kanthu. Lolemba tipitire limodzi, mukamufunse nokha."

Aphunzitsi anawayang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munali misozi imene sanailole kugwa, ndipo a Loya anaona kuti mayiwo akufunitsitsa kuti zikhale zoona. "Lolemba," anatero Aphunzitsi. Sutikesi anaisuntha pabedi n'kuiika pansi, koma sanaitseke.

Lamlungu atachoka kutchalitchi, a Loya anathamangira kushopu kukatenga jekete lija. Analikoleka pampando monga analikolekera dzulo lake, n'kutseka zitseko, n'kuitana akazi awo. "Imani apa pamene anaima mayi uja. Suzumirani."

Aphunzitsi anaika dzanja pachipumi n'kusuzumira. Anayang'ana, n'kusendera kumanzere, n'kuyang'ananso.

"Mwaona?" anafunsa a Loya.

"Ndaona. Jekete likhoza kuoneka ngati munthu." Anachotsa dzanja pachipumi. "Ndaonanso kuti munthu akhoza kuoneka ngati jekete."

Lolemba Aphunzitsi anapempha mnzawo kuti awagwirire kalasi, ndipo awiriwo anafika kupolisi naini isanakwane. Anawalozera kubwalo la kuseri, kumene kunali magalimoto ophwanyika pangozi, ena atamera udzu m'matayala. Sajeni anatuluka ndi wapolisi mnzake wonyamula kabokosi kakang'ono. Ulendo uno a Loya anatsitsa galasi asanauzidwe. Wapolisiyo anapanikiza kachipangizo pagalasi, n'kudina, n'kuwerenga. Anapita pagalasi lachiwiri, lachitatu, mpaka onse anatha, kenako anamuonetsa Sajeni.

Sajeni anayang'ana manambalawo n'kugwedeza mutu. "Ali m'kati mwa lamulo. Pang'onong'ono, koma ali m'kati. Mulibe mlandu, bambo. Mwapambana."

A Loya anatembenukira kwa akazi awo, chifuwa chili patsogolo. Aphunzitsi sankayang'ana iwo. Anasendera pafupi ndi Sajeni, manja atagwira chikwama mwamphamvu.

"Pepani, amayi, ine ndine mkazi wawo. Ndili ndi funso limene si la ntchito yanu. Loweruka lija, m'galimoto munali ndani?"

Sajeni anayang'ana mayiyo, n'kuyang'ana bamboyo, ndipo nkhope yake inafewa, chifukwa anamvetsa zonse nthawi imodzi. "Sindikudziwa, amayi," anatero motsitsa mawu.

"Bwanji simukudziwa?" a Loya analumpha. "Munaima pompa, pambali panga! Munaona kuti ndinali ndekha!"

"Ndinaona zala zanu ziwiri, laisensi, ndi pepala la pulasitiki. Ndinaonanso diso limodzi."

"Koma pampando winawo, bwana, munaona kuti ndi jekete chabe."

"Ndinaona chinthu chakuda. Ndinakupemphani katatu kuti mutsitse galasi ndione kuti n'chiyani. Munati kusuzumira ndi kusecha."

"Mawu! Munamva mawu a munthu wina m'galimotomo?"

"Sindinamve. Koma wobisala salankhula, bambo."

A Loya anatsitsa mawu, ulemu wonse umene anamumana mayiyu Loweruka n'kubwera nthawi imodzi. "Bwana Sajeni, chonde. Banja langa lili m'manja mwanu. Ingonenani kuti ndinali ndekha. Ndi zoona, ndikulumbira."

"Mwina ndi zoona," anatero Sajeni. "Koma mukundipempha kuti ndichitire umboni chimene sindinaone. Inu odziwa malamulo, zimenezo zimatchedwa chiyani?"

M'masamba onse amene a Loya anawerenga pazaka khumi ndi ziwiri munalibe yankho limene likanawathandiza. Sajeni anawabwezera kapepala kawo atakadinda chidindo, n'kugwira Aphunzitsi paphewa pang'ono, n'kubwerera muofesi.

Aphunzitsi anayamba kuyenda kulowera kugeti. A Loya anawathamangira. "Mayi, galimoto ili uku."

"Ndikwera minibasi."

"Ndinali ndekha. Mulungu akundiona, ndinali ndekha!"

Mayiwo anaima pafupi ndi geti. Sanakweze mawu. "Mwina munalidi nokha. Sindikunena kuti mukunama. Koma ndikuuzeni chimene simunkachidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi sindinakufunsenipo kumene munali, ndipo inu munkayesa kuti ndinaiwala. Sindinaiwale. Oyenda pansi sanandiuzepo zoipa za inu, ndipo mutagula galimoto zinachita kuphweka. Uyu akuti zikomo, bambo anandisiya pachipatala. Uyu akuti tinali limodzi mpaka pakhoti. Ine osafunsa, nkhani zikubwera zokha, ndipo ndinkagona tulo. Inu munatseka maso a anthu onsewo tsiku limodzi, ine n'kutsala ndi mawu anu okha." Anapukuta diso ndi chala. "Mawu anu ndinawakhulupirirapo kale kamodzi, bambo. Sindingathe kumakhala ndikununkhiza mipando moyo wanga wonse. Ndatopa."

Anatuluka pageti n'kukaima pamsewu. A Loya anabwerera kugalimoto n'kukhala pampando, n'kukweza magalasi mwachizolowezi. Anatulutsa galimoto mpaka pageti, ndipo pamenepo misozi inawagonjetsa, analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka. Minibasi itaima, Aphunzitsi anacheuka kamodzi, n'kuyang'ana pagalasi la dalaivala kwa kanthawi, ngati munthu wofuna kuona chinachake chimene chingamubweze. Pagalasi lakudalo anangoona chithunzithunzi cha mitambo ndi nthambi za mtengo. Pamene dzanja la a Loya linkafika pabatani lotsitsira galasi, chitseko cha minibasi chinali chitatsekedwa.

Madzulo a tsiku lomwelo achimwene awo a Aphunzitsi anabwera kudzatenga sutikesi ndi zikwama za ana. Anapeza a Loya pabwalo atavula malaya, ali ndi lezala m'dzanja ndi beseni la madzi a sopo, akupala magalasi. Mapepala akuda anali mbwee pansi, ndipo kumpanda kunali mitu ya anthu a mumsewu, ikuonerera mwakachetechete.

"Zikuchoka, alamu?" anafunsa mlendoyo ataika katundu paphewa.

"Pepala likuchoka," anatero a Loya osatukula mutu. "Guluu ndiye akukana."

"Pitirizani kupala. Ine ndikalankhula nawo, koma sindikulonjeza kanthu. Mukuwadziwa achemwali anga."

Anatuluka ndi katunduyo, geti n'kulira kumbuyo kwawo. A Loya anatsala akupala galasi, m'nyumba muli zii.

Munthuyu sanabe, sananame, ndipo ngakhale lamulo linamuyeza n'kumupeza wolungama. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti anthu asamuone, ndipo anachilandira chathunthu, pa tsiku limene ankachifuna ndi pa tsiku limene akanapereka chilichonse kuti wina anene kuti ndinamuona. Akuluakulu sananame pamene anati walira mvula walira matope.